Kompyuta ikamangozima yokha, yezani musanafomate

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

Lero ndikulankhula ndi inu amene kompyuta yanu yakusowetsani mtendere. Mukulemba lipoti, yazima. Mwayatsanso, mwagwirako ntchito pang'ono, yauma, mausi osasuntha, kiyibodi osayankha. Tsiku lina yatulutsa sikirini ya buluu yodzaza Chingerezi, musanawerenge n'komwe yazima n'kuyakanso yokha. Khalani ndi cholembera ndi pepala pafupi, chifukwa pali mayina angapo amene muyenera kulemba.

Ndiyambe ndi chimene chimandiwawa mtima. Munthu amanyamula laputopu yake, kukwera minibasi, ulendo wa kwa wokonza m'tauni. Wokonzayo osaitsegula, osaiyeza, angoti, "Bwana, iyi ndi virus, tiifomate basi." Windows yatsopano yalowa, ndalama zalipidwa, mwinanso zithunzi za ukwati ndi maakaunti a bizinesi zapita. Sabata isanathe, kompyuta ija yayambiranso. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kufomata kumachotsa mapulogalamu n'kuikamo ena, koma zipangizo za m'kati sikuzikhudza. Ngati chavuta ndi RAM, kapena fani yafa, kapena chaja ikupereka magetsi osakwanira, mukhoza kufomata kakhumi, vuto likhalapobe. Kuchipatala masiku ano sapereka mankhwala a malungo kwa aliyense wobwera thupi likutentha. Amayamba abaya chala n'kuyeza magazi. Kompyuta nayo iyezedwe kaye, ndipo zoyeza zambiri mungathe kuchita nokha kunyumba osalipira kanthu.

Koma musanayeze chilichonse, pulumutsani mafayilo anu, lero lomwe lino. Koperani pa fulashi, pa hard disk yakunja, kapena pa Google Drive ngati bandulo ikulola. Yambani ndi zimene simungazipezenso kwina: kafukufuku wanu wa ku koleji, mayeso amene mwakonzera ana, kaundula wa ndalama za banki m'khonde. Mafilimu ndi nyimbo zidikire. Ndikunena izi chifukwa ngati disiki ndiyo ikufa, kuyeza kwenikweniko kumaigwiritsa ntchito yolemetsa ndipo kungathe kuitsiriza.

Mukatero, sandukani mlembi kwa masiku angapo. Nthawi iliyonse ikazima, lembani nthawi yake, chimene mumachita, ngati inali pa chaja kapena pa batire, ndiponso kazimidwe kake. Kazimidweka kamanena zambiri. Kompyuta imene imangoti thi, ngati wina wazula pulagi, popanda uthenga uliwonse, kawirikawiri imakhala ndi vuto la kutentha kapena la magetsi. Imene imatulutsa sikirini ya buluu, lero uthenga wina mawa wina, imatipangitsa kukayikira RAM. Imene imachedwa kutsegula mafayilo, kumauma kwa mphindi, mwina kumalira kuti tiki tiki m'kati, ikuloza ku hard disk. Ndipo laputopu yozima mukangoinyamula kapena kupinda sikirini ili ndi china chake chimene chakhwepa, kaya waya, kaya polowera chaja.

Sikirini ya buluu ija imathawa msanga, koma mungathe kuiimitsa. Pa malo ofufuzira a Windows lembani kuti View advanced system settings, pitani pa Startup and Recovery, muchotse chizindikiro pa mawu akuti Automatically restart. Ikadzagwanso, uthenga udzakhala pompo, inu muujambule ndi foni. Pa Windows 11 ya masiku ano sikiriniyi imatha kukhala yakuda, koma ntchito yake ndi yomweyo. Chofunika ndi mawu a zilembo zikuluzikulu amene amawatcha stop code. Mukaona MEMORY MANAGEMENT, ganizirani za RAM. Mukaona KERNEL DATA INPAGE ERROR, Windows yalephera kuwerenga zinthu kuchokera pa disiki. Mukaona WHEA UNCORRECTABLE ERROR, ndiye kuti chipangizo chenicheni chadandaula, nthawi zambiri processor, kutentha kapena magetsi. Mawuwa sagamula mlandu, amangokuuzani koyambira.

Windows imasunganso mbiri ya kugwa kwake. Pa malo ofufuzira omwewo lembani mawu akuti reliability, musankhe View reliability history. Mudzaona masiku atandandalikidwa, ndipo tsiku lililonse limene inagwa lili ndi chizindikiro chofiira. Yang'anani kumene zofiirazo zinayambira, kenaka dzifunseni: sabata imeneyo ndinasintha chiyani? Ndinaika pulintala yatsopano? Ndinagula chaja ina? Kompyuta inagwa pansi? Kunagwa mphezi? Ena a inu mumatsegula Event Viewer n'kupeza uthenga wa Kernel-Power 41, n'kuthamanga kukagula power supply. Dekhani. Uthenga umenewu umangotanthauza kuti kompyuta inazima mosatsata dongosolo. Ngakhale magetsi atangothima, kapena mwana atazula waya, umalembedwa womwewo.

Tsopano funso lalikulu: kodi ndi zipangizodi, kapena ndi pulogalamu? Sikirini ya buluu payokha si umboni. Pa 19 July 2024, kampani ya CrowdStrike ya ku America inatumiza kafayilo kolakwika ku pulogalamu yake yoteteza makompyuta. Microsoft inati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni a Windows anagwa. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala m'mayiko ambiri zinasokonekera, koma m'makina onsewo munalibe chipangizo chimene chinapsa. Ndiye musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, chitani mayeso awa. Pezani fulashi ya 8 GB, muikemo Ubuntu, imene ndi yaulere ndipo imagwira ntchito m'malo mwa Windows, muyatse kompyuta kuchokera pa fulashiyo n'kusankha Try Ubuntu. Samalani, musasankhe Install, mungafufute zinthu zanu. Apa kompyuta ikuyenda popanda Windows yanu, popanda madriver ake, popanda virus iliyonse imene ingakhalemo. Igwiritseni ntchito tsiku lonse, onerani mavidiyo, tsegulani zinthu zambiri. Ikazimanso muli mu Ubuntu, Windows ilibe mlandu, vuto lili m'zipangizo. Ikapanda kuzima, otsala okayikiridwa ndi Windows, driver ina yake, kapena disiki imene Windows imakhalapo.

(NYIMBO YAIFUPI)

Mukumvera pulogalamu ya za makompyuta, ndipo tikukambirana za kompyuta yongozima yokha. Tilowe m'zipangizo, kuyambira pa chimene chimavuta kwambiri kwathu kuno, kutentha.

Processor ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha kwambiri. Pamwamba pake pamakhala chitsulo cha aluminiyamu kapena kopa chokoka kutenthako, ndipo fani imakankha mphepo kudutsa m'timipata ta chitsulocho. Maprocessor ambiri malire awo ali pa madigiri 95 mpaka 100 a Celsius. Ikafika pamenepo imayamba yadzichepetsa liwiro, ndipo zikapitirira imadzizimitsa kuti isapse. Kuzima kotere si kufa kwa kompyuta ayi, ndi kudziteteza.

Ndiye taganizirani mwezi wa October, kashopu ka fotokope m'mbali mwa msewu wafumbi, denga la malata, chitseko chotsegula tsiku lonse. Mukatsegula desktop ya m'malo otere, mupeza fumbi lagwirana ndi ulusi wa zovala n'kupanga kansalu kokhuthala pakati pa fani ndi chitsulo chija, koti mukhoza kukasenda ndi zala kamodzi. Fani ikuzungulira bwinobwino, ikulira mokweza, koma mphepo sikudutsa. M'makona mupeza timazira ta mphemvu, chifukwa zimakonda kufunda kwa m'menemo, nthawi zina nyerere zamanga pansi pa motherboard. Laputopu nayo imavutika mwa njira yake. Imakoka mphepo kudzera pansi, koma ife timaiika pa matiresi, pa bulangeti, pa pilo, n'kumaonera filimu maola atatu.

Kuti mutsimikize, ikani kapulogalamu kaulere kotchedwa HWMonitor kapena Core Temp. Kompyuta ikangokhala osagwira ntchito yolemetsa, madigiri 40 kapena 50 ndi abwino. Ngati ikuonetsa 80 musanatsegule kanthu, kapena ikuthamangira ku 95 mukangoyamba vidiyo, mwapeza poyambira. Zimitsani, zulani pakhoma, tsegulani chivundikiro, mupemerere fumbi ndi blower kapena mulichotse ndi kaburashi kofewa. Gwirani fani ndi chala pamene mukupemerera, isazungulire mothamanga, ingawonongeke. Madzi kapena nsalu yonyowa musayerekeze. Pa makina a zaka zisanu kapena kupitirira, thermal paste, mankhwala otuwa amene amakhala pakati pa processor ndi chitsulo chija, amakhala atauma n'kung'aluka. Amafunika kupukutidwa ndi kuikapo atsopano, kadontho kochepa chabe. Pa laputopu, ntchito imeneyi ndi bwino kusiyira wodziwa, chifukwa timawaya ta kiyibodi ndi ta sikirini timaduka msanga.

Kutentha kukakhala bwino, pitani ku RAM. Apa ndi pamene kompyuta imasunga zimene ikugwira pa nthawiyo, ndipo kachigawo kamodzi kakang'onong'ono kakawonongeka, kamasintha nambala imodzi mwa mamiliyoni. Chimene chinagwera pa kachigawo kameneko ndicho chimagwa, lero Word, mawa Chrome, mkuja Windows yonse. N'chifukwa chake uthenga wake umasinthasintha, ndipo anthu amangoti ndi virus. Windows ili ndi choyezera chake, Windows Memory Diagnostic, chimene ndi chabwino poyambira. Koma ine ndimadalira kwambiri MemTest86 kapena Memtest86+, zimene mumaika pa fulashi n'kuyatsira pomwepo. Zimalemba manambala m'chigawo chilichonse cha RAM n'kuwerenganso kuti zione ngati abwerera momwe analowera. Siyani pulogalamuyo izungulire kanayi, ngakhale zitatenga usiku wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zolakwika zina zimaoneka pokhapokha RAM itafunda. Mzere wofiira ngakhale umodzi wokha ndi wokwanira. RAM yabwino siphonya ngakhale kamodzi.

Mukapeza zofiira, musataye RAM nthawi yomweyo. Zimitsani, zulani pakhoma, chotsani batire ngati limachoka, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, kenaka gwirani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwanu asapweteke zipangizo. Tulutsani RAM poigwira m'mbali. Timano take tagolide tikaoneka todera, tipukuteni pang'onopang'ono ndi labala ya pensulo, muchotse zinyenyeswa, muibwezere mpaka timaloko ta m'mbali titalira kuti kwa. Makompyuta ambiri amachira pomwepa, makamaka amene ayenda m'misewu ya mabampu ali m'chikwama. Ngati muli ndi tizidutswa tiwiri, yezani kamodzikamodzi. Kamodzi kakalakwa paliponse pamene mwakaika, kafa ndi komweko. Tonse tiwiri tikalakwa pa malo amodzi okha, vuto lili pa motherboard. Ndipo ngati kugwa kunayamba mutangowonjezera RAM yogula pamsika, ichotseni kaye, chifukwa mitundu ina sigwirizana ngakhale ikulowa bwino.

Disiki ndi yosavuta kufunsa, chifukwa imadzilembera yokha mbiri ya thanzi lake, imene amaitcha SMART. Kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo kamawerenga mbiriyi n'kukuuzani mawu amodzi: Good, Caution kapena Bad. Mukaona Caution wachikasu, ndipo manambala a Reallocated Sectors kapena Pending Sectors akukwera sabata ndi sabata, disikiyo ili pa ulendo. Palibe pulogalamu imene ingaichiritse. Koperani zanu, mugule ina, ndipo ngati thumba likulola gulani SSD. Ilibe mbale yozungulira m'kati, choncho sivutika ndi kugwedezeka, komanso kompyuta yakale imapepuka nayo. Dziwani kokha kuti SSD ikamafa silira, imangosowa, ndiye kukopera mafayilo kusalekeke.

(NYIMBO YAIFUPI)

Tafika pa magetsi, ndipo apa ndikupemphani mutchere khutu, chifukwa pali zina zoopsa. M'makhoma mwathu mumabwera magetsi a mavoti 230, koma zipangizo za m'kati mwa desktop zimafuna 12, 5 ndi 3.3. Ntchito yotsitsa magetsiwa ndi ya power supply, ndipo pa laputopu ndi ya chaja. Zimenezi ndi zimene zimalandira nkhonya yoyamba magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pothima, kapena jenereta ikamakwera ndi kutsika, kapena inverter yotchipa ya sola ikamapereka magetsi osasalala. Power supply yotopa siifa tsiku limodzi. Imayatsa kompyuta bwinobwino, koma mukangotsegula ntchito yolemetsa imalephera kusenza, kompyuta n'kuzima kapena kuyambiranso popanda uthenga. Njira yodalirika yoiyezera ndi kubwereka ina imene mukudziwa kuti ndi yabwino, n'kuona ngati vuto latha. Koma bokosi la power supply musalitsegule, chonde. M'kati mwake muli macapacitor amene amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pakhoma. Yawonongeka, sinthani yonse.

Inu a malaputopu, tembenuzani chaja yanu muwerenge zolembedwa, kenaka muyerekeze ndi zolembedwa pansi pa laputopu. Ma Dell ndi ma HP ambiri amafuna mavoti 19.5, ma Lenovo ambiri 20. Onaninso mawati. Makina ofuna mawati 90 mukawapatsa chaja ya 65 amayaka, koma amavutika ntchito ikakula. Chaja zotchipa zija zopepuka m'manja, zotentha moti simungazigwire, zawononga ma motherboard ambiri, ndipo ndalama imene munapulumutsa pogula imadzatuluka kakhumi. Yesani kugwira ntchito pa batire lokha, kenaka pa chaja yokha ngati batire limachoka, muone pamene ikuzimira. Mukaona pansi pa laputopu patukuka, kapena touchpad yakwera, ndiye kuti batire lafufuma. Lekani kutchaja lero lomwe, musalibowole, musaliponye pamoto wa zinyalala, chifukwa batire la lithium limayaka moto wovuta kuzimitsa. Pa desktop ya bizinesi, UPS, kabokosi kosunga magetsi, ndi yofunika kuposa sipika kapena sikirini yaikulu. Ndipo nyengo ya mvula, mphezi zikayamba, palibe chitetezo choposa kuzula pulagi.

Kutentha kuli bwino, RAM yakhoza, disiki ili bwino, magetsi mwasintha, koma ikugwabe. Pamenepo ndiye tiyang'ane motherboard ndi processor. Pa motherboard, unikani ndi tochi ya foni timigolo tating'ono timene taima chilili, macapacitor. Pamwamba pake payenera kukhala posalala. Mukaona potukuka kapena potuluka zinthu zofiirira zouma, kameneko kafa. Makompyuta ambiri opangidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 anali ndi vuto limeneli, ndipo ena mwa iwo akadali m'masukulu mwathu, obwera ngati mphatso. Wodziwa kuwotcherera amatha kusintha macapacitor amenewa pa mtengo wochepa. Processor ndiyo siifa kawirikawiri, koma zimachitika. M'chaka cha 2024, kampani ya Intel inavomereza kuti maprocessor ake ena a desktop a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira mavoti opitirira muyezo, zimene zinkawawononga pang'onopang'ono n'kumagwetsa makompyuta. Inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS, kapulogalamu ka mu motherboard, n'kuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri, koma processor imene inawonongeka kale siinkachira, inkafunika kusinthidwa. Ngati muli ndi makina a mtundu umenewu, onani BIOS yanu ndipo sungani risiti.

Pa mayeso onsewa, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukapukuta fumbi, kusintha RAM ndi kugula chaja tsiku limodzi, kompyuta n'kuchira, simudzadziwa chimene chinavuta, ndipo mwina mwagula ziwiri zosafunika. Sinthani chimodzi, gwirani ntchito masiku awiri kapena atatu, lembani, kenaka pitani pa china.

Kwa abale anga okonza makompyuta, ndikudziwa kuti kasitomala amafuna makina ake lero lomwe, ndipo kufomata n'kwachangu. Koma amene mwamuuza zoona kuti, "Mayi, isiyeni igone, ndiiyeze RAM usiku uno," ndi amene adzabwerenso ndi anzake. Ndipo inu ogula malaputopu akale ochokera kunja, pitani ndi fulashi yanu, muone thanzi la disiki ndi kutentha musanatulutse ndalama. Wogulitsa akakana kuti muyeze, pitani pa shopu ina.

Ngati zafika poti mupite nayo kwa wokonza, tengani pepala lanu lija ndi zithunzi za sikirini. Mufunseni kuti wayeza chiyani ndipo wapeza chiyani. Akasintha chipangizo, akubwezereni chakalecho m'manja, ndipo mugwirizane kuti vuto likabwerera m'masiku angati mudzabwerenso osalipira. Musalole kufomata mafayilo anu asanakopedwe, inu mukuona.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Amene muli ndi mafunso, tumizani uthenga, munene mtundu wa kompyuta yanu ndi stop code imene mwajambula, tidzayankha sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

(NYIMBO YOTSEKERA)